Bambo Wawo Tinamupha

Mzime adasita diresi lake labuluu, nalivala, nadziyang'ana pa kagalasi ka kuchipinda. Lidali tsiku loti akaonekere kwa mayi ake a Wamagetsi, mnyamata amene adamuba mtima atabwera kudzakonza pampu ya mpweya pakhonde la kuseri kwa nyumba yawo. Aka sikadali koyamba kupangana za ulendowu. Mapangano onse am'mbuyo adafera pa chitseko chimodzi, chitseko cha chipinda cha nsomba.

"Mzime," adaitana bambo ake kuseriko. "Tabwera udzaone."

Mzime adatseka maso. Kaitanidwe kameneko adakadziwa bwino.

Chipinda cha nsomba chidali ndi zenera limodzi, ndipo zeneralo adalikhomera katoni chifukwa tiana ta mlamba sitigwirizana ndi kuwala. M'katimo mudali mabeseni akuluakulu pa mathebulo a matabwa, mapaipi olendewera m'makoma, ndi phokoso losaleka la mpweya wobwata m'madzi. Bambo ake adayamba kuswetsa mazira a milamba iye akadali kamtsikana. Matenda atawapha dzanja lamanja, Mzime ndiye adasanduka dzanjalo. Akulu ake onse adapita kumabanja awo, ndipo iye, poti adali womaliza kubadwa, dzina lakuti Mzime lidamukanirira pamodzi ndi kiyi wa chipindacho.

Adapeza bambo ake atawerama pa beseni la pakona, tochi ili m'dzanja lamanzere. Mazira amene adayala pa kaukonde dzulo lake adali ataswa. Pansi pa beseni padali tinthu tochepa ngati nsidze, tikugwedeza timichira. Koma pa kaukondepo padatsala mazira ambiri oyera mbee.

"Ababa, munati lero ndipita."

"Ndinatero ndisanaone izi. Dzira loyera ndi lakufa, ukudziwa. Ukalisiya liwola, n'kupha amoyo."

"Ndichotsa ndikabwerako."

"Ukabwerako udzapeza manda. Komanso a m'beseni ilo ayamba kudya lero, afuna munthu pafupi." Adayang'ana dzanja lawo lakufalo, lomwe lidangolendewera m'mbali. "Likanakhala lamoyo ili, bwenzi ndikukuvutitsa? Awa akangokula pang'ono, upuma."

Lonjezo limenelo Mzime adayamba kulimva chaka chimene adamaliza sukulu. Ana akakula ankagulidwa ndi eni madamu a nsomba, ndipo beseni lisanaume mudali mutalowa kale mazira ena. Adabwerera kuchipinda, navula diresi, navala chimalaya chake chonunkha nsomba. Kenaka adatenga foni najambula mawu.

"Pepa, wokondedwa, lero zakanikanso. Ana anga sindingawasiye. Ena ndi ofooka kwambiri, ena ayamba kumene kudya. Undipepesere kwa amayi."

Adatumiza, natenga kapaipi kokokera zonyansa m'madzi, nalowa mumdima.

*

Dzuwa litapendeka, Wamagetsi adaimirira kumpanda, pamalo pamene thabwa limodzi lidathyoka, pomwe awiriwa ankachezera nthawi zonse. Sadamwetulire.

"Uthenga wako unandipeza nditakwera pa mpando, ndikukonza babu la pabalaza kwathu," adatero. "Manja anali pa mawaya, ndiye ndinauza amayi kuti adine foni. Mawu ako anamveka nyumba yonse."

"Akwiya kuti sindinabwere?"

"Anali ataphika, atavala. Koma si zimenezo. Unati 'ana anga'."

Mzime adaseka, koma kusekako kudamuthera pakamwa. "Sunawauze kuti ndi nsomba?"

"Ndinawauza. Bwenzi zitathera pomwepo, koma panali Zikhadabo. Amawaluka tsitsi."

Zikhadabo adali mtsikana wa pasaluni ya pamsewu waukulu. Dzinalo anthu adamupatsa chifukwa cha zikhadabo zake zazitali zopaka utoto wofiira. Aliyense ankadziwa kuti mtsikanayo adaika diso pa Wamagetsi kalekale, ndipo ataona kuti mwiniwake sakucheuka, adadzera kwa mayi ake, kumawaluka tsitsi kunyumba ndi kumawasekera nthabwala zosaseketsa zomwe.

"Wati chiyani?" adafunsa Mzime.

"Sanalankhule zambiri. Anangondifunsa kuti, 'Nsombazo munaziona, achimwene?'"

Wamagetsi adayang'ana pansi.

"Ndinasowa choyankha, Mzime. Pampu ndinakonzera pakhonde. Waya ndinalowetsa pa kabowo, iwe ukukoka mkati. Chitseko chija sindinachionepo chotsegula. Ndiye Zikhadabo anati oyandikana nanu amakumva ukulankhula m'menemo, ukuti 'idyani, ana anga, mukule'. Anati palibe mtsikana amene angakhale miyezi osatuluka pakhomo chifukwa cha nsomba."

"Alipo. Ndi ine."

"Ndikudziwa."

"Ukudziwa, kapena ukufuna kudziwa?"

Wamagetsi adakanda thabwa ndi chala. "Ndilole ndingosuzumira. Kamodzi kokha. Ndikawauze amayi kuti ndaona ndi maso anga."

Mzime adalowa m'nyumba. Bambo ake adali pabalaza, akupera chakudya cha tiana m'kamtondo komwe adakapana ndi mawondo. Adamvetsera pempho lake mpaka mapeto, napukusa mutu.

"Mlendo amalowa ndi matenda kunsapato, ndi sopo m'manja. Waiwala wogula uja anaviika chala m'beseni? Tinataya onse. M'menemo simulowa munthu, kaya ndi wamagetsi kaya ndi dokotala."

"Ababa, akundinena kuti ndikubisa ana."

"Wokukonda safuna umboni. Akafuna umboni lero, mawa adzafuna wina."

Chomwe chidamuwawa Mzime n'chakuti mawuwo adali ndi choona chake, koma adachokera kwa munthu amene adapindula nawo. Adabwerera kumpanda.

"Akana," adatero. "Pitani bwino. Mukawauze amayi anu zimene mtima wanu wakhulupirira."

"Wayamba liti kunditi inu?"

"Alendo timawapatsa ulemu."

Wamagetsi adangokoleka chikwama cha zida paphewa, nachoka. Mzime adamuyang'ana pa mpata wa thabwa mpaka adakhota pakona. Adafuna kumuthamangira, koma nthawi yodyetsa ana idali itakwana.

*

Masiku otsatira foni idangoti zii. Mzime ankati akadzuka, n'kukoka zonyansa pansi pa mabeseni, kuthira madzi atsopano, kuwaza chakudya pang'onopang'ono, kenaka kupatula tiana tomwe tidakula msanga, poti mlamba ukakula suzindikira mng'ono wake, umangomeza. Akamamaliza beseni lomaliza, loyamba lidali litada kale. Mafuta odzola sankawakhudza, onunkhira adaiwala ndi fungo lake lomwe, ndipo manja ake adatuwa n'kukwinyika ngati a nkhalamba. Nthawi zina ankaima pakati pa mabeseniwo n'kudzifunsa kuti woweta ndani, wowetedwa ndani. Onse adali m'chipinda chimodzi, koma tiana tokhato ndito tidali ndi tsiku lotuluka.

Uthenga woyamba kufika sudali wa Wamagetsi. Nambala yake idali yachilendo.

"Moni, mayi a ana. Mukafuna kuluka tsitsi mubwere nawo, tili ndi timipando ta ana."

Mzime adalemba yankho lalitali laminga, nalifufuta. Adalemba lina kwa Wamagetsi, lakuti "Ndakusowa", nalifufutanso. Madzulo ake Wamagetsi adatumiza funso louma lakuti, "Uli bwanji?" Iye adayankha kuti, "Tili bwino tonse," ndipo atatumiza kale m'pamene adazindikira kuti mawu akuti "tonse" angamveke mwina. Adadikira yankho, koma silidabwere. Adakhala pa ndowa yovundikira, nalira mosatulutsa mawu, mutu atautembenuzira kumbali kuti misozi isagwere m'beseni.

*

M'mawa wina bambo ake adamuuza kuti mayi wina wa madamu a nsomba waimba foni, abwera kudzafunsa za ana. "Uwauze kuti sanafike pogulitsa, koma asapite kwina. Ine ndili kuthanki ya milamba ikuluikulu."

Motero pamene mayi wina wathupi, wa tsitsi lolukidwa mwaluso, adagogoda pa geti, Mzime adawalandira ndi nkhope ya malonda. Adawapatsa mpando pakhonde, nawalonjera mwaulemu. Mayiwo adamuyang'ana kuchokera kumutu mpaka kuphazi.

"Ndiwe mwana wa pakhomo pano?"

"Ndine, mayi."

"Ndamva kuti uli ndi ana."

"Alipo, mayi. Ambiri ndithu."

Mayiwo adakonza chikwama pamiyendo. "Sukubisa n'komwe."

"Ndibisirenji? Anthu onse amadziwa kuti ana abwino amapezeka pano."

"Ali kuti?"

"Kuchipinda cha kuseri. Koma sitionetsa alendo, Ababa salola. Amakhala mumdima, kuwala kumawasokoneza."

"Mumdima," adabwereza mayiwo. "Nanga bambo wawo? Ndi wotani, ndipo ali kuti?"

Mzime adakondwa ndi funsolo. Ogula odziwa ntchito okha ndiwo ankafunsa za makolo a nsomba.

"Anali wamkulu, wonenepa bwino, musade nkhawa. Koma simungamuone. Tinamupha."

"Wati chiyani?"

"Tinamupha, mayi. Sizitheka mwanjira ina. Ababa anapana mutu, ine ndinang'amba pamimba ndi lumo. Timatero ndi onse."

Chikwama chidagwa pansi.  Nthawi yomweyo geti lidatseguka, nalowa mtsikana amene adali atabisala kuseri kwa mpanda, zikhadabo zofiira zili patsogolo.

"Mwadzimvera nokha, amayi," adatero Zikhadabo. "Ine ndikanena amati ndi nsanje."

Mzime adayang'ana zikhadabozo, nayang'ana tsitsi lolukidwalo, kenaka mphuno ya mayiwo, yomwe idali mphuno ya Wamagetsi yeniyeni. Apo m'pamene adazindikira kuti awa adali mayi a Wamagetsi.

"Mayi, ndimanena mlamba," adatero. "Mlamba waukazi timaufinya pamimba, mazira amatuluka. Waumuna ukaufinya sutulutsa kanthu. Mbewu yake imakhala mkati, ndiye kuti tithire pa mazira timayenera kuupha. Ndimayesa ndinu ogula."

"Taonani mmene lilime likuthamangira," adatero Zikhadabo. "Nsomba zake zosaoneka. Pena ndi ana, pena ndi milamba, mawa tidzamva kuti ndi nkhuku."

Mayi a Wamagetsi adangoyang'ana Mzime, akudikira. Mzime adagwira kiyi amene ankamumangirira m'khosi. Lamulo la bambo ake sadaliphwanyepo chibadwire, koma adaona kuti mayiwo akatuluka pa geti limenelo asanaone, sadzabwereranso.

"Vulani nsapato, mayi. Musambe m'manja ndi madzi a mu ndowa iyi, popanda sopo. Mukalowa musakhudze kanthu."

Zikhadabo nayenso adayamba kumasula nsapato zake.

"Inu ayi, achemwali," adatero Mzime. "Mafuta ali m'manja mwanuwo angaphe ana onse musanafike pa beseni lachiwiri. Tili ndi kampando ka alendo. Khalani pamenepo."

*

Mayiwo adaima pakhomo mpaka maso adazolowera mdima. Mzime adawunikira pakona ya beseni. Tiana tidathawa kuwalako, tikupiringizana ngati utsi wakuda.

"Ndi amenewa?" adanong'ona mayiwo.

"Ndi amenewa."

"Ana akowo?"

"Ndimangowatchula choncho. Munthu ukakhala wekha tsiku lonse umafuna wolankhula naye."

Mayiwo adayamba kuseka, kuseka kochokera m'mimba, atagwira pakamwa kuti asadzidzimutse nsomba. "Ine ndinali nditayamba kuganiza za apolisi," adatero akupukuta misozi. "Ndimati ndithawira mbali iti ndi thupi langali."

Mzime naye adaseka, koyamba m'masiku ambiri.

Koma kusekako kutatha mayiwo sadatuluke. Adayang'ana katoni wa pazenera, mapaipi, ndowa yovundikira yomwe idali mpando wokhawo m'chipindamo. Kenaka adatenga dzanja la Mzime, nalitembenuza, naona mmene madzi adalidyera.

"Umatuluka liti muno?"

"Akakula."

"Akakula n'kupita?"

"Timayala mazira ena."

Mayiwo adausa moyo. "Mwana wanga, ndikuuze zoona. Pobwera kuno ndinali nditakonza mtima. Ndinati ngati ali ndi ana awiri kapena atatu, koma ndi wakhalidwe, ndimulandira. Ana a munthu ndikanawabereka kumsana, ndikanawalera ine kuti iwe upite ndi mwamuna wako. Koma awa nditani nawo?"

"Kupita kuti, mayi?"

"Sanakuuze?" Mayiwo adamuyang'anitsitsa, nazindikira yankho. "Wapeza ntchito kutali, kumene akumanga fakitale yatsopano. Anyamuka mwezi uno usanathe, ndipo sabwerera msanga. Amafuna akuuzire kwathu, pamaso panga, tsiku lija ndinaphika iwe osabwera. Sakufuna kupita yekha, ndipo inenso sindikufuna apite yekha. Ine ndakuona, ndakukonda. Koma uja wakhala pa kampandoyo alibe beseni lomugwira mwendo."

 Dzanja la Mzime lidapita lokha pa kapaipi komwe kadali m'beseni, natseka kukamwa kwake ndi chala monga ankachitira nthawi zonse.

Chithunzithunzi chidatseka kuwala kwa pakhomo. Adali bambo ake, malaya atanyowa mpaka pachifuwa, jakisoni ali m'dzanja lamanzere. Adayang'ana mapazi opanda nsapato a mlendoyo, ndipo Mzime adadikira kukalipidwa. Koma iwo adalonjera mayiwo ndi ulemu wonse, nafunsa za kunyumba, ngati kuti chitsekocho chinkakhala chotsegula masiku onse. Atatero adatembenukira kwa mwana wawo.

"Mzime, wamkazi wamkulu uja ndamubaya."

Mzime adadziwa tanthauzo lake. Mlamba ukabayidwa mankhwala okhwimitsa mazira, sudikira munthu. Nthawi yake ikakwana uyenera kufinyidwa, ndipo mazira akayalidwa, chitseko chimatsekanso kwa masabata.

"Ababa, tinagwirizana kuti tidikira awa akule."

"Mimba inali itakhwima. Ndamupana ndi bondo, ndamubaya ndi lamanzere. Mawa kukamacha afunika kufinyidwa, ndipo kufinya kumafuna manja awiri."

Adalankhula osamuyang'ana. Mzime sadadziwe ngati adabaya asanaone chitseko chotsegula kapena ataona, ndipo sadalimbe mtima kufunsa. Chimene chidali pankhope pawo sichidali ukali. Adali mantha a munthu wa dzanja limodzi.

Kunja kudamveka kugogoda pa geti.

"Mzime," adaitana Wamagetsi. "Amayi ali kuno? Tuluka tilankhulane, ndili ndi mawu."

"Akukuitana, mwana wanga," adatero mayiwo motsitsa. "Kayankhe."

"Madzi a beseni ilo ada," adatero bambo ake.

Mzime adaima pakati pawo, chala chili pa kukamwa kwa kapaipi. Dzina lake lidamvekanso kunja. Kenaka adamva kampando ka alendo kakusuntha pakhonde, ndi nsapato zazitali zikugunda pansi mosafulumira. Zikhadabo ndiye adapita kukatsegula geti.